Amene Anaimba Ndi Ine

Kukhoti la ku Rotten Row sanatchule dzina langa.
Anatchula la mwamuna wanga, Layisoni Kachepa,
nambala ya kombi yake ya ku Mufakose,
nthawi, liwiro,
kutalika kwa mizere yakuda imene matayala analemba paphula.
Wapolisi anatukula kathumba ka pulasitiki,
m'katimo foni yong'aluka pakona,
nati: Iyi inali pakhutu.
Palibe anafunsa kuti tsidya linalo kunali khutu la yani.

Linali langa.
Ndinaima pakhomo, dzanja lina lili thovu la sopo lokhalokha,
magetsi atangobwera patapita masiku awiri.
Ndimati ndimuuze agule mayunitsi,
ndi kuti nsapato ya Tiyese yayasamula kutsogolo.
Basi. Nkhani yake inali yomweyo.
Inaitana kamodzi, kawiri, katatu.
Akanatha kuisiya.
Koma anamuphunzitsa kuyankha ndi ine,
zaka zisanu ndi zinayi ndikumuimika pachitseko usiku:
Unali ndi ndani iwe, wosayankha foni?

Anati, Halo, Nabanda,
kenaka mabuleki analira m'mutu mwanga,
azimayi akukuwa maiwe, maiwe,
kondakitala akumenya denga ndi chikhatho,
ndi phokoso lina, lofewa,
ngati thumba la ufa likagwa paphewa.
Foni sinaduke.
Mphindi zinayi ndinali pamsewu wa ku Mbare
ndili chiimire pakhomo panga,
sopo akuuma m'zala.

Akuti makabichi anagubuduka mpaka kufupi ndi geti la Rufaro.
Akuti mkuluyo, a Mudzingwa,
ankakankha ngolo yawo kuchoka ku Musika m'mawa uliwonse
kuyambira tisanakwatirane.
Chipewa chawo chinatsala pakati pa msewu,
magalimoto akuchilambalala bwinobwino,
ulemu umene mwini wake sanaulandire.

Lamulo tinkalidziwa. Salidziwa ndani?
Kawiri konse anamugwira nayo m'manja.
Koyamba analipira chindapusa,
lisiti lake likadali m'Baibulo, pa Miyambo.
Kachiwiri anapinda madola m'laisensi
nabwera kunyumba akuseka.
Nanenso ndinaseka, ndinamuthirira tiyi.
Tinkati lamulo ndi msampha wotchera matumba athu.
Sitinaganize kuti ndi kampanda kokhako
kamene nkhalamba yokankha ngolo inali nako
pakati pa nthiti zake ndi chitsulo.

Woweruza anawerenga osakweza maso:
imfa ya munthu chifukwa cha kusasamala.
Laisensi inapita. Layisoni anatsika masitepe apansi
atagwira buluku, lamba atamulanda.
Mkazi wamasiyeyo anakhala benchi la patsogolo panga.
Ndinaloweza duku lake, maluwa achikasu, mfundo yopendekera kumanzere.
Panja ndinamutsatira mpaka pamtengo wa jakaranda
kuti ndimuuze: Amayi, ndinaimba ndine.
Chishona chonse chimene ndinakula nacho chinandithawa,
Chichewa cha bambo anga chinakakamira pakhosi.
Anandiyang'ana, nandifunsa kokwerera za ku Epworth.
Ndinamulozera.

Tiyese amafunsa kuti adadi abwera liti.
Nsapato ija ndinasoka ndekha ndi ulusi wa thumba.
Sizinafunike foni.

Loweruka ndimakwera kombi ziwiri kupita ku Chikurubi,
sopo ndi shuga pamiyendo.
Ndimasankha mpando wa kumbuyo kwa dalaivala.
Ikangolira yake, ndimamugwira paphewa:
Mwanangu, isiye ilire, siifa.
Amandiyang'ana pagalasi ngati ndazungulira mutu,
ena m'kombimo amaseka,
iye n'kuipana pakati pa khutu ndi phewa,
dzanja lina likusintha giya, lina likuwerenga chenji,
chiwongolero chili pabondo.

Ine ndimatchera khutu.
M'kachitsulomo mumatuluka timawu ta mkazi,
tating'ono ngati udzudzu,
tikufunsa za buledi, tikufunsa uli kuti,
bwanji sumayankha.
Timawu timeneto ndimatidziwa.
Ndimayang'ana kutsogolo m'malo mwake,
kuwerenga aliyense wowoloka,
mpaka titafika.